Sitolo Zazikulu ndi Mabwalo a Masewera: Nkhawa za Anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu amene adayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Dedza zaka 30 zapitazo, akati ayendenso lero, sangalephere kuona kuti dziko lasintha. Pamene kale padali minda ya chimanga ndi fodya, tsopano pali mipanda ya njerwa, malo omwetsera galimoto mafuta ndi nyumba zosungiramo katundu. Kusinthaku sikudalekere pa mphambano ya ku Bunda ayi, koma kuli kutsetserekera kumwera, mbali ina kutsata msewu wa ku Mitundu, mbali ina kutsata msewu waukulu wodzera pa Nathenje kufikira pa mtsinje wa Diamphwe, pamene boma la Lilongwe lichita malire ndi boma la Dedza.

Chifukwa chake n'chosabisika. Pa kalembera wa mu 1966 tauni ya Lilongwe idali ndi anthu ngati 19,000 okha. Likulu la dziko lidasamukira kumeneko kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo pofika pa kalembera wa mu 2018 mumzindamo mudapezeka anthu 989,318, pamene m'midzi ya boma la Lilongwe mudali anthu 1,637,583. Mzinda ukakula motero, malo ake amakwera mtengo, ndipo amalonda amayamba kuyang'ana kunja kumene malo ali otsikirapo ndi kumene ogula ali ochuluka. Tsono tsiku limene wamalonda wamkulu adzafika pa Mitundu kapena pa Nathenje kudzafuna malo omangapo sitolo yaikulu silili kutali. Ndipo malo osalala, opanda nyumba, okhala pakati pa tauni ndi pafupi ndi msewu, amene wamalonda wotere amayamba kuwaona, kawirikawiri ndi bwalo la mpira.

Apa ndi pamene pagona nkhawa za anthu. Sakana chitukuko, pakuti palibe amene akondwera kukwera basi kupita ku Lilongwe kukagula chinthu chimene chikadapezeka kwawo. Chimene afuna kudziwa ndi ichi: sitoloyo ikadza, idzakhala pa malo a yani, idzagula mbewu za yani, ndipo ana adzasewera kuti?

MALO AWIRI OFUNIKA

Mitundu ndi msika wotchuka wa mbewu. Chimanga, mtedza, soya, nyemba ndi mbatata zimafika pamenepo pa ngolo ndi pa njinga kuchokera m'midzi yozungulira, ndipo mtengo wa chimanga wa pa Mitundu umalembedwa m'malipoti a mitengo ya dziko lonse pamodzi ndi ya misika ina ikuluikulu. Pali chipatala, pali sukulu ya sekondale, ndiponso pa njira yake pali koleji ya zaulimi ya Bunda, imene idayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo lero ndi likulu la yunivesite ya LUANAR. Ophunzira ndi antchito a pa Bunda ndi ogula odalirika, ndipo wamalonda aliyense adziwa zimenezi.

Nathenje mphamvu yake ndi msewu. Galimoto zopita ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Blantyre zimadzera pomwepo, ndipo amayi ogulitsa tomato, anyezi, kabichi ndi ndiwo zamasamba zochokera m'madimba amapeza ndalama za sopo ndi za fizi kwa apaulendo amenewa. Malo awiriwa ali pansi pa Khonsolo ya Boma la Lilongwe, osati ya mzinda, ndipo nthaka yambiri yowazungulira ili m'manja mwa mafumu monga mwa mwambo. Ichi ndicho chichititsa kuti nkhani ya malo ikhale yofunika kuisamala, pakuti malire ambiri sadalembedwe pa pepala; ali m'mitu ya akuluakulu, ndipo akuluakuluwo sakhala muyaya.

MBIRI YA SITOLO M'MIDZI

Sitolo yaikulu si chinthu chachilendo m'dziko muno. Makolo adagula nsalu ndi mchere ku Mandala ndi ku Kandodo, ndipo pa malo a malonda ambiri padali mzere wa sitolo za Amwenye. M'zaka za m'ma 1970 Boma la Dr H. Kamuzu Banda lidalamula kuti amalonda a Chimwenye achoke m'midzi akachite malonda awo m'mizinda, kuti eni dziko atenge malo awo. Cholinga chidali chabwino, koma sitolo zambiri zidakhala zotseka kwa nthawi yaitali, chifukwa amene adazitenga adalibe mpamba wokwanira ndi njira yoodera katundu. Chipiku idathandiza pa vuto limeneli pogulitsa katundu wopikulitsa kwa eni magolosale, ndipo People's Trading Centre, imene anthu adaizolowera ndi dzina loti PTC, idayamba mu 1973 nifalikira m'maboma ambiri.

Pambuyo pake padadza sitolo za mtundu watsopano. Shoprite ya ku South Africa idatsegula ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre mu 2001, ndipo ku Lilongwe nyumba ya malonda ya Gateway idatsegulidwa mu 2014. Mu 2012 Boma lidalamula kuti amalonda ochokera kunja azichita malonda awo m'mizinda inayi yokha, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pofuna kuteteza amalonda ang'onoang'ono a m'midzi.

Koma mbiri yomweyi iphunzitsanso chinthu china chimene oweruza nkhani za malo sayenera kuiwala: sitolo zimadza ndipo zimapita. PTC, imene idaoneka ngati phiri losasunthika, idagwa mu 2022, antchito ake ambiri natsala padzuwa. Mu 2025 Shoprite idalengeza kuti ili kugulitsa sitolo zake za ku Malawi. Tsono mudzi umene upereka bwalo lake chifukwa cha sitolo uyenera kudzifunsa chimene chidzatsala sitoloyo ikadzatseka zitseko. Nyumbayo idzatsala ndithu, koma bwalo silidzabwerera. Madzi akatayika saoleka.

NKHAWA YA AMALONDA ANG'ONO

Nkhawa yoyamba ndi ya mwini golosale ndi mwini okala. Sitolo yaikulu imagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira zochuluka nthawi imodzi, kotero kuti imatha kugulitsa pa mtengo umene wamng'ono sangaufike. Komabe wamng'onoyo ali nazo zida zake zimene wamkulu alibe. Iye amagulitsa mafuta a pa supuni ndi shuga wa m'kapepala kwa munthu amene wapeza ndalama ya tsiku limenelo yokha. Amakongoza mphunzitsi kufikira mwezi utatha. Amatsegula m'mamawa ndi kutseka usiku. Chifukwa cha ichi magolosale sadathe m'mizinda ngakhale sitolo zazikulu zidafika. Amene amavutika koposa ndi wapakati, amene adali kudalira ogula a malipiro a pamwezi, pakuti ogula amenewa ndiwo amayamba kusamukira ku sitolo yatsopano.

Nkhawa yachiwiri ndi ya mlimi wa kudimba. Kumva kuti kwadza sitolo yaikulu kumampatsa chiyembekezo cha msika, koma kugulitsa ku sitolo yotere kuli ndi malamulo ake. Sitolo ifuna tomato wofanana kukula, wofika tsiku lopangana, chaka chonse, dzinja ndi chilimwe. Ifuna malisiti ndi akaunti ya kubanki. Ndipo kawirikawiri silipira pompopompo monga achitira wogula wa pamsewu. Mlimi mmodzi wa theka la ekala sangakwanitse zimenezi payekha. Akalephera, sitolo imaitanitsa ndiwo kutali, ndipo anthu amaona kabichi wochokera kwina ali kugulitsidwa pafupi ndi madimba awo. Mankhwala a vuto limeneli ndi makalabu ndi makopaletivi, amene alangizi a zaulimi akhala ali kulimbikitsa, ndiponso ndondomeko ya Boma ya mu 2016 yolimbikitsa kugula katundu wa ku Malawi konkuno. Mutu umodzi susenza denga: alimi 50 ogwirizana angathe kupangana ndi sitolo zimene mlimi mmodzi sangayerekeze.

Nkhawa yachitatu ndi ya msewu. Sitolo yaikulu imaitana malole otsitsa katundu, galimoto za ogula, njinga za kabaza ndi mavenda amene amatsata khamu. Pa malo onga Nathenje, pamene msewu waukulu wa dziko udutsa pakati pa anthu, ndi pamene ana a sukulu amawoloka m'mawa ndi masana, kuika khomo la sitolo pamalo olakwika ndiko kuitana maliro. Palinso madzi a mvula otsika pa denga lalikulu ndi pa bwalo la simenti, amene akapanda ngalande amathera m'nyumba za oyandikana nawo, ndiponso zinyalala zimene zifuna kotaya.

BWALO SI LA MPIRA WOKHA

Anthu a m'maofesi nthawi zina amayesa bwalo ngati malo ogona chabe, osagwira ntchito. Koma aliyense wokhala pa malo a malonda adziwa kuti bwalo ndilo nyumba ya msonkhano ya anthu osauka. Pamenepo sukulu zimachita mipikisano ya mpira wa miyendo, wa manja ndi ya liwiro. Pamenepo pamachitikira misonkhano ya mafumu ndi ya zipani, mapemphero a mipingo, zionetsero za zaulimi ndi magule. Pamenepo anthu amasonkhana polandira thandizo m'chaka cha njala. Mnyamata amene ali pabwalo Loweruka masana sali kumowa. Timu ya Mitundu Baptist idamveketsa dzina la dera lino m'mipikisano ya mpira, ndipo osewera otere sagwa kumwamba: amayamba ndi mpira wachikulunga pa bwalo la fumbi.

Bwalo la mpira loyenera ndi la mamita 105 m'litali ndi mamita 68 m'lifupi, ndiko kuti pafupifupi maekala awiri, osawerengera poima oonerera ndi pothamangira. Malo aakulu motero, osalala ndi okhala pakati pa anthu, akatayika sapezekanso. Lonjezo lakuti bwalo lina lidzaperekedwa kwina liyenera kuyesedwa bwino. Kodi malo atsopanowo ali pa mtunda wotani kuchokera ku sukulu? Kodi si dambo limene limadzala madzi miyezi inayi pa chaka? Kodi mwini wake wavomera, ndipo walipidwa? Bwalo lokhala pa mtunda wa ola limodzi ndi bwalo la pa pepala chabe, pakuti mphunzitsi sangatenge ana a Sitandade 4 kupita nawo kumeneko ndi kubwerera m'nthawi ya phunziro limodzi.

Ndiponso kumanga bwalo lamakono kuli ndi mafunso akeake. M'zaka zapitazi maboma ena, monga Karonga ndi Dedza, adalandira mabwalo a mpanda, ndipo ku Lilongwe bwalo lalikulu la Bingu lidatsegulidwa mu Januwale 2017. Zimenezi ndi zonyaditsa dziko. Koma bwalo likamangidwa mpanda limakhala ndi chipata, ndipo chipata chimakhala ndi mtengo. Ana amene adali kusewera mwaulere amapezeka ali kunja, kusuzumira pa ming'alu. Walira mvula walira matope: wofuna bwalo la mpanda aganizirenso za malo ena otseguka a ana, za ndalama zosamalira udzu ndi zimbudzi, ndiponso za chitetezo cha khamu. Dziko silidaiwale tsiku la 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa pa kupanikizana pa zipata za bwalo la Bingu.

Sikuti sitolo ndi masewera ndi adani. Chipiku idathandiza ligi ya mpira ya m'chigawo chapakati kwa zaka zambiri, ndipo wamalonda wanzeru adziwa kuti khamu la pa mpira ndilo ogula ake. Chofunika n'chakuti chimodzi chisadye chinzake.

MAPHUNZIRO AWIRI

Anthu a m'mbali mwa Diamphwe ali ndi chifukwa chochenjerera, pakuti adaonapo kale chitukuko cholonjezedwa. Boma ndi bungwe la madzi la Lilongwe Water Board adakonza zomanga damu lalikulu pa mtsinjewu, loti lipatse madzi mzinda wa Lilongwe ndi kuthandiza ulimi wothirira. Cha m'ma 2015 ndi 2016 akatswiri adayenda m'midzi ya mbali zonse ziwiri za mtsinje, nawerenga nyumba, minda, madimba, mitengo ndi manda amene akadamizidwa. Koma ndalama zomangira zidavuta, ndipo damulo silidamangidwe m'zaka zimene zidayembekezeka. Munthu amene katundu wake walembedwa m'buku la osamuka amakhala ndi mtima iwiri: amange nyumba ya njerwa kapena aleke, abzale mitengo kapena adikire. Phunziro lake ndi lakuti kuwauza anthu za ntchito n'kosakwanira. Ayenera kuuzidwanso ntchitoyo ikachedwa kapena ikasintha, kuti asakhale m'malere.

Phunziro lachiwiri lidachokera mumzinda. Mu Novembala 2019 kudamveka kuti malo a sukulu ya Livimbo ku Area 2 mu Lilongwe agulitsidwa kwa wamalonda. Phungu wa deralo pa nthawiyo, mayi Nancy Tembo, adaiutsa nkhaniyo, ndipo dziko lonse lidaikamba. Boma lidakana kuti sukuluyo yagulitsidwa, ndipo mkangano udatsalira pa malire a pakati pa sukulu ndi oyandikana nayo. Ngati sukulu ya pakati pa likulu la dziko, pafupi ndi maofesi a Unduna wa za Malo, idafika pokanganirana malire, nanga sukulu ya kumudzi, imene malo ake adaperekedwa ndi mfumu pakamwa zaka 60 zapitazo, malire ake nakhala mtengo wa mkuyu ndi chulu?

ZIMENE MALAMULO ANENA

Boma silidawasiye anthu opanda chotchinjiriza. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, pa gawo 28 ndi gawo 44, aletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa. Anena kuti kutenga malo kuloledwa pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwini wake atadziwitsidwa nthawi ikadalipo ndi kulipidwa moyenera, ndiponso ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano a malo, amene adakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a mafumu lidaika makomiti a malo pa dera la gulupu aliyense: gulupu ndiye wapampando, ndipo pali mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Cholinga chake n'chakuti nkhani ya malo isathere m'nyumba ya munthu mmodzi usiku. Lamulo lomwelo lidaikanso mabwalo oweruza mikangano ya malo, kuyambira kwa mfumu yaikulu kukafika pa boma.

Lamulo la mapulani a malo la mu 2016 lidasintha chinthu chachikulu: kale mapulani adali ofunika m'mizinda ndi m'matauni osankhidwa okha, koma tsopano dziko lonse lili pansi pa lamuloli. Ndiko kuti womanga sitolo yaikulu pa Mitundu kapena pa Nathenje ayenera kupeza chilolezo monga achitira womanga mumzinda. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 lifuna kuti ntchito zazikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzira nthaka, madzi ndi anthu, ndipo pa kuunikako anthu okhudzidwa amvedwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, lilola munthu wamba kupempha kuona mapepala okhudza malo a mudzi wake. Pamwamba pa zonsezi pali njira ya makhonsolo ya mu 1998, imene nkhani za chitukuko zimayambira ku komiti ya mudzi, kupita ku komiti ya dera, kufikira ku khonsolo kumene kuli makhansala.

Malamulo alipo ndithu. Chosowa kawirikawiri ndi munthu wowadziwa amene ali pafupi pa tsiku limene wamalonda afika.

NTCHITO YA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Apa ndi pamene awerengi a tsamba lino ali ndi mbali yawo. Mphunzitsi wamkulu aliyense ayenera kudziwa malire a sukulu yake, kuwayendera pamodzi ndi komiti ya sukulu, nyakwawa ndi oyandikana nawo, kuwalemba ndi kusainirana, kutumiza kalatayo ku ofesi ya maphunziro ndi ya malo ya pa boma, ndi kupempha kuti malowo ayezedwe ndi kuikidwa zizindikiro. Pamene ayembekeza oyeza, mzere wa mitengo wobzalidwa ndi ana a sukulu ndi mboni yosanama. Ntchito imeneyi ichitike mtendere ukadalipo, pakuti malire oyamba kufunidwa mkangano utabuka sakhulupirika kwa aliyense.

Antchito a khonsolo nawo afulumire kukonza mapu a malo a malonda amenewa, osonyeza pamene padzakhala msika, sitolo, depoti ya basi, sukulu ndi bwalo, malo asanathe. Pulani yotere ithandiza wamalonda yemwe, chifukwa imuonetsa malo opanda milandu, ndipo ndalama zake sizitayika m'makhoti. Msonkhano wofunsa anthu uchitike masana, pa bwalo, m'Chichewa, mapu ali poyera, ndipo amayi a pamsika ndi achinyamata a matimu apatsidwe mpata wolankhula, osati mafumu ndi amalonda okha. Zolonjezedwa zonse, kaya ndi bwalo latsopano, kaya ndi ntchito za ana a m'deralo, kaya ndi kugula ndiwo za alimi oyandikira, zilembedwe m'chilolezo. Ndipo kukakhala kusinthana malo, bwalo latsopano liyambe latha ndi kuperekedwa lakale lisanakumbidwe.

Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aika kukula kwa matauni pakati pa mizati itatu ya chitukuko cha dziko. Mitundu ndi Nathenje zidzakula, anthu afune asafune. Chimene chili m'manja mwa mafumu, makhansala, aphunzitsi ndi antchito a Boma a lero ndi kusankha ngati matauniwa adzakula ndi dongosolo kapena mwachipwirikiti. Sitolo ingathe kumangidwa m'miyezi yowerengeka pa malo alionse oyenera. Koma bwalo la pakati pa tauni limasungidwa ndi mbadwo umodzi wokha, umene udalipo malo asanathe. Pa Mitundu ndi pa Nathenje mbadwo umenewo ndi uno.